Kosi ya umakaniko ku Chipata Trades: kodi iposa mpando wa mu ofesi?

Mwana akatsiriza giredi 12, makolo ambiri amafuna avale tayi. Komatu motoka za Vitz, Allion, Noah ndi Hiace zadzaza m'tauni muno mu Chipata, ndipo misewu ya fumbi ya kumidzi imadya mabushi ndi mashoko usiku ndi usana. Ndiye tiyeni tiione bwino kosi ya automotive mechanics ya ku Chipata Trades Training Institute, yomwe mayeso ake ndi a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito za manja mu Zambia.

Phindu lake lalikulu ndi kuphunzira kupima. Pa galaji ya pansi pa mtengo mnyamata amaphunzira kumasula ndi kumanga, inde, koma amatengeranso zizolowezi zoononga. Injini ikamatentha, bwana amachotsa thermostat (kavavu kowongolera madzi oziziritsa injini) n'kutaya, pomwe vuto lili pa radiator yotsekeka ndi madzi a pachitsime kapena fani yosazungulira. Pakapita miyezi, gasiketi yapsa. China n'kuthira ATF wamba (oilo wa giyabokosi ya otomatiki) mu giyabokosi ya CVT, yoyendera lamba ndipo yofuna oilo wakewake: motoka imayamba kunjenjemera ponyamuka, lamba wachitsulo wa mkatimo amatereka, mwini n'kugula bokosi lina. Wodutsa m'kalasi amadziwa kuti batire labwino limaonetsa 12.6 V injini ili chete, ndi pafupifupi 14 V ikalira. Zikapanda kutero amayamba wafufuza alternator, yomwe imatchaja batire, asanauze munthu kugula batire. Amadziwanso kuti manati a mawilo a Corolla amamangidwa 103 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira nati), osati kuwadumphira ndi chipaipi mpaka stadi kuduka.

Kalasi payokha sikupatsani liwiro la manja. Patchuthi pitani pa galaji, ngakhale akutumeni kutsuka mapatsi ndi petulo. Gulaninso zida zanuzanu msanga: masipanala ndi masoketi a 10, 12, 14, 17 ndi 19, soketi ya 21 ya mawilo, ya 16 ya mapulagi, ndi multimeter yopimira magetsi. Ya 10 gulani ziwiri, imasowa ngati ili ndi miyendo.

Za fizi, funsani basare ya CDF kudzera ku Ward Development Committee ya kwanu. Amene sanafike giredi 12 angalowere ku trade test, kuyambira Level 3 kukwera mpaka Level 1.

Nanga ofesi? Ili ndi zake zomwe sipanala sangakupatseni: malipiro a pakutha kwa mwezi, NAPSA ya penshoni ndi NHIMA ya inshuwalansi ya chipatala zodulidwa osaziganizira, msana wosapweteka. Makaniko wodzilemba yekha amadya bwino alimi akagulitsa chimanga, soya ndi nshawa. Januwale ndi Febuluwale galaji imangodzaza nkhongole ndi motoka zogona pa miyala. Wosatha kusunga ndalama ya Ogasiti kuti imufikitse ku dzinja, asankhe ofesi. Koma amene amakonda kufufuza chifukwa chake fyuzi ikupsa kawirikawiri, kosiyi ndi yake, makamaka akalimbikira mbali ya mawaya ndi makina ounikira zolakwika, poti motoka zobwera kuchokera ku Japan masiku ano zimayendetsedwa ndi kompyuta.