Tripod yopepukayi ndi yabwino ku digito, filimu imafuna yolemera

Tripod iyi, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndi ya aluminiyamu, miyendo yake ili ndi zigawo zitatu, ndipo ikapindidwa imalowa m'chikwama bwinobwino. Masana palibe dandaulo. Nyenyezi ziwirizo zapita chifukwa cha usiku.

Ndimaigwiritsa ntchito ndi makamera awiri, Nikon D750 ya digito ndi Pentax K1000 yakale ya filimu, pojambula nyali za asodzi a usipa ku Senga Bay. Ndi D750 zinthu zimayenda. Ndikakweza ISO (mphamvu ya kamera yolandirira kuwala) kufika 3200 kapena 6400, shata (kachitseko kolowetsa kuwala) imatseguka kwa sekondi imodzi kapena awiri basi, ndipo chithunzi ndimachiona pomwepo. Chikagwedera ndimafufuta n'kujambulanso.

Filimu ndi nkhani ina. Mu Pentax ndimaikamo Ilford HP5 Plus ya ISO 400, ndipo filimu ikamajambula kwa nthawi yopitirira sekondi imodzi imayamba ulesi kulandira kuwala. Pomwe mita yoyezera kuwala yanena masekondi 10 pamafunika pafupifupi 20, pomwe yanena 30 pamafunika kupitirira mphindi imodzi. Shata ya K1000 imathera pa sekondi imodzi, ndiye umaika pa B, pomwe shata imakhala yotsegula mpaka utaisiya, n'kugwira ndi kachingwe kotsegulira, uku ukuwerenga masekondi chamumtima. Nthawi yonseyo tripod isasunthe ngakhale pang'ono. Mwera ukamaomba mu Juni ndi Julayi, iyi imanjenjemera. Kuti nyali za m'mabwato zijambulike ngati mizere n'zoyembekezeka, mabwatowo amayenda, koma mpaka miyala ya m'mphepete kuoneka iwiriiwiri? Choipa n'chakuti izi umadzaziona filimu itatsukidwa, ndalama zitapita kale.

Kunsi kwa chitsulo chapakati kuli kokolekapo. Ndikapachika jumbo ya mchenga, miyendo osaitambasula yonse, chapakaticho osachikweza, kugwedera kumachepa ndithu, kungoti umajambula chogwada. Mutu wake ndi wa pulasitiki ndipo umawerama pang'onopang'ono kamera ikaima chammbali. Mchenga ukalowa m'zomangira miyendo, konzekani kuzipukuta ndi mswachi.

Ine zithunzi za filimu zimandikomerabe, timadontho take timaoneka bwino kuposa timadontho ta digito pa ISO yokwera. Koma ngati mukujambula ndi filimu usiku, onjezerani ndalama mugule tripod yolemera ya mutu wachitsulo. A digito ndi a foni, iyi ikukwanirani.