Ndalama za chilala pa foni: mmene zinayendera kwa amayi anga

Chimanga cha amayi ku Chongwe chinapsa chisanamasule ngaiyaye mu 2024, maekala awiri onse. Pa 29 February pulezidenti wa Zambia a Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, ndipo patapita miyezi dzina la amayi linalowa m'kaundula wa olandira thandizo la boma la K400 pa mwezi.

Chomwe ndayamikira n'chakuti ndalama inkabwera pa foni. Panalibe kukhala padzuwa tsiku lonse kudikira galimoto, panalibenso wina wopempha "ya sopo". Koma amayi sawerenga bwino, ndiye uthenga woyamba unagona mu foni masiku asanu mpaka ine nditakwera minibasi kuchoka ku Mtendere mu Lusaka kukawaona. Mnyamata wa pa kabuthi kotapira ndalama za pa foni anatiuza kuti alibe ndalama zokwanira, tibwere mawa. Tinabwereradi kawiri.

K400 yokhayo? Thumba la unga la 25kg linadya pafupifupi yonse, yotsala tinagula mchere ndi kapenta wa m'kapu. Ya mbewu ndi feteleza ndinachita kutapa m'thumba mwanga. Ndikupereka nyenyezi zitatu pa zisanu, chifukwa nsima sinasowe pakhomo.