Nazale ya kuseri kwa nyumba ku Namiwawa komwe ndinapeza African violet

Kaduwaka ndinakasaka miyezi isanu ndi umodzi mu Blantyre muno. Ndinayenda kwa ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, ndinafika ku Limbe, ndinafunsa ngakhale amayi anzanga amene amakongoletsa tchalitchi Loweruka. Yankho linali limodzi paliponse: rozi alipo, bougainvillea alipo, mitengo ya mpanda ilipo, koma kamasamba aubweya kaja ayi. Ena ankandilozera duwa lina n'kumati ndi lomwelo. Sakanandinamiza, chifukwa malemu azakhali anga anali nako pazenera la kukhitchini ku Zomba, m'chitini cha majarini, ndipo ndili mwana ndinkakonda kusisita masamba ake ndi chala mpaka azakhaliwo atandiletsa.

Amene anandilondolera ndi kasitomala wanga wina, tsiku lomwe anabwera kudzayesa diresi kushopu kwanga kuno ku Chilomoni. Anati ku Namiwawa kuli bambo wina wachikulire amene amasunga timaluwa ta m'nyumba kuseri kwa nyumba yomwe amakhala. Chikwangwani palibe, ndipo ichi ndi chodandaula changa choyamba. Wanjinga yamoto anandizungulitsa kawiri msewu umodzimodzi tisanaone geti lake. Mukamapita, yambani mwafunsa munthu amene anafikako kale.

Mukalowa, nazaleyo si yaikulu. Ndi kashedi ka nsungwi kofoleredwa ndi neti yobiriwira, pansi pa mtengo wa peyala. Kutsogolo kuli zomwe mungapeze kwina kulikonse, zodzala m'machubu akuda. African violet ali kumapeto kwenikweni, pathandala lokwera kufika m'chiuno, pomwe dontho la mvula silifika. Ndinawerenga miphika yoposa makumi atatu. Ambiri anali a maluwa ofiirira ngati maluwa a jakaranda akamayoyoka mu Okutobala, ena apinki, awiri okha oyera. Kaduwa kalikonse kali ndi timadontho tiwiri tachikasu pakati. Masamba ake ndi ochindikala, ozungulira, otuluka pamalo amodzi n'kuyala ngati lichero laling'ono. Chomera chonse mungachiphimbe ndi zikhatho ziwiri.

Ndinatola mphika umodzi n'kufunsa mtengo. Bambowo sanandiyankhe za mtengo.

"Mayi, zenera lomwe mukaikepo layang'ana kuti?"

Ndinati la pabalaza, loyang'ana kuphiri la Michiru, komwe dzuwa limalowera.

"Ndiye mukakapha. Dzuwa la masana la Okutobala likawotcha masamba sabata isanathe. Mulibe zenera la kum'mawa?"

Ndinali nalo, la kuchipinda chosokera. Anati ndiikepo katani yopyapyala, kuwala kuzilowa koma dzuwa lisamagunde tsamba. Atatero m'pamene anandiuza mtengo: K5,000 wamaluwa kale, K2,000 kakang'ono kosayamba. Ndinagula atatu aakulu. Mtengowo sindinauone wokwera, poganizira kuti kuchokera patsamba mpaka kuchita maluwa pamapita pafupifupi chaka munthu akusamalira.

Chomwe ndinalipira kwenikweni ndi theka la ola lomwe bambowo anakhala nane pabenchi. Anagwira ntchito ya m'maluwa zaka zambiri m'nyumba za anthu, ndipo amaphunzitsa ndi manja. Anatenga kambale, n'kuthiramo madzi, n'kukhazikamo mphika. Tinacheza. Patapita mphindi ngati 20 anandigwiritsa dothi la pamwamba: linali lanyowa, madzi atakwera okha kudzera m'mabowo a pansi. Anachotsa mphikawo n'kutaya madzi otsala. Ndiko kuthirira kwake kumeneko. Pamwamba sathira, chifukwa madzi akakhala pamtima pa chomera, pomwe masamba atsopano amatulukira, chimaola. Madzi ozizira akagwera patsamba amasiya zipsera zotuwa zomwe sizichokanso. Anati ndizitunga madzi a pampopi madzulo, agone m'ndowa m'nyumba, ndithirire mawa lake, ndipo nthawi ya dzinja ndizikinga a mvula. Za masiku othirira anakana kundipatsa chiwerengero. Anati chala ndicho chidziwa: pamwamba pakauma, thirirani, pakakhala chinyezi, dikirani.

Anandichenjezanso ziwiri zomwe ndikanalakwitsa ndithu. Choyamba ndi mphika. Ine ndinali nditagula kale miphika yaikulu yadothi, poganiza kuti mizu isangalala. Iwo anati kaduwaka kali ndi mizu yochepa, yosapita pansi, ndipo kamachita maluwa kakapanikizika. Mphika uzikhala ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a kutambalala kwa masamba. Mumphika waukulu dothi limasunga madzi omwe mizu singamalize. Chachiwiri ndi feteleza. "Musayerekeze kuikapo Urea wa chimanga," anatero. Amagwiritsa ntchito feteleza wa madzi wa maluwa, wosungunula kwambiri kuposa muyezo wolembedwa pabotolo.

Bambowo anangondiuza kuti kwawo kwa duwali ndi ku Tanzania. Zina ndinawerenga ndekha madzulo ake, ndipo zinandikhudza. Limamera m'nkhalango za mapiri a kum'mawa kwa Tanzania, monga a Usambara, ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Kenya, pamiyala yonyowa ya mumthunzi. Mu 1892 Mjeremani wina, Walter von Saint Paul-Illaire, amene anali bwanamkubwa wa atsamunda m'dera la Tanga, anatumiza njere zake kwa bambo ake ku Ulaya. Chaka chotsatira katswiri wa zomera Hermann Wendland wa ku Hanover analipatsa dzina loti Saintpaulia ionantha. Lero lili m'mazenera a mamiliyoni a anthu ku Ulaya ndi ku America, pomwe kwawo kwenikweni mitundu yake ina ili pangozi yotha chifukwa nkhalango zikudulidwa. Ife a ku Blantyre sitifunika kufotokozeredwa zimenezo. Aliyense wamkulu amakumbukira mmene phiri la Ndirande linalili ndi mitengo. Akatswiri masiku ano amaliika m'gulu la Streptocarpus, ndipo abale ake a gulu lomweli amamera okha kuno kwathu, m'miyala yonyowa ya ku Mulanje ndi ku Zomba. Nditabwererako ndinawafunsa bambowo ngati amagulitsa a kuphiri amenewo. Anati ayi, sazula chilichonse kuthengo, onse a pathandala paja ndi ana a masamba a miphika inayi yomwe anapatsidwa kalekale. Pa ichi chokha ndingawatumizire munthu aliyense.

Koma ndinene zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo zinandipweteka.

Mwa atatu aja, mmodzi anayamba kufooka patatha milungu itatu. Masamba apansi anafewa, n'kugwera m'mphepete mwa mphika ngati ndiwo zofutsa. Ndinaganiza kuti ndi ludzu, koma dothi linali lonyowa. M'mawa wina nditakhudza, chomera chonse chinangozuka m'manja mwanga, tsinde lili bii, likununkha. Nditakhuthula mphikawo ndinapeza katondo wosakaniza ndi manyowa, wolemera, womata ngati woumbira njerwa. Miphika iwiri inayo inali ndi dothi lina kotheratu: lopepuka, la masamba oola, mchenga wa kumtsinje ndi timakala tophwanya. Zikuoneka kuti si miphika yonse imene amadzaza okha; pali mnyamata amene amawathandiza. Munthu wogula sangadziwe poyang'ana pamwamba. Ndiye mukamasankha, nyamulani miphika iwiri itatu muyerekeze kulemera kwake. Wolemera kwambiri usiyeni, kapena pemphani akusinthireni dothi pomwepo.

Wachiwiri anabwera ndi alendo. M'mphako za masamba munali tinthu toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa pachinangwa. Ndinakhala madzulo atatu ndi kamtengo ka machesi kokulunga thonje, ndikuviika mu sipiriti n'kumachotsa kamodzikamodzi, ndipo mphikawo ndinauika pawokha mwezi wathunthu. Anachira. Komabe pamtengo umenewu ndinayembekezera chomera choyera. Tembenuzani masamba musanalipire. Chinanso chaching'ono: ting'onoting'ono ta K2,000 tilibe chizindikiro cha mtundu, ndiye simudziwa ngati mwagula woyera kapena wofiirira mpaka atachita maluwa.

Ndinabwerera ndi mphika wa katondo uja m'jumbo, ndili wokonzeka kukangana. Panalibe mkangano. Anafinya dothilo m'manja, anapukusa mutu, n'kunena kuti, "Pepani mayi, apa talakwa ndife." Ndalama sanabweze, ndipo wamaluwa wina sanandipatse, zomwe ndikuona kuti akanayenera kuchita. Anandipatsa kakang'ono kamodzi ndi masamba anayi, kuphatikizapo limodzi la woyera uja, n'kundionetsa kabzalidwe kake. Anasankha tsamba lokhwima la mzere wapakati, osati lokalamba la pansi. Anadula phesi lake mopendeketsa ndi lumo latsopano, n'kusiya utali ngati mfundo imodzi ya chala. Analizika m'kapu ya yogati yoboola pansi, tsamba litatsamira pang'ono, n'kuvundikira ndi pulasitiki yoonekera mkati kuti chinyezi chisathawe.

Kudikira kwake n'kwautali. Mwezi woyamba palibe chimene chimaoneka, tsamba limangokhala chilili. Ine ndinabzala kumayambiriro kwa Epulo. Chakumapeto kwa Meyi, ndikutsegula makatani, ndinaona patsinde pa phesi timasamba tiwiri tobiriwira motuwa, tating'ono kuposa njere ya mphodza, tili kale ndi ubweya wake wonyezimira. Ndinaitana mwana wanga kuti adzaone asanapite kusukulu. Mwa masamba anayi aja atatu anaphuka, limodzi linaola.

Kenako kunabwera chiperoni. Apa bambowo sanandiuze kanthu, mwina poti shedi yawo ndi yotchingika, ndipo ndinaphunzira ndekha. Kaduwaka kamakonda kutentha komwe munthu amakhala bwino wopanda juzi, madigiri 18 mpaka 24. Usiku wa Juni ndi Julayi kuno galasi la zenera limazizira kwambiri, ndipo masamba awiri omwe ankakhudza galasi anapindika n'kuda m'mphepete. Kuyambira pamenepo dzuwa likalowa ndimasamutsa miphika yonse kuika patebulo lodulira nsalu, m'mawa n'kubwezera. Nyengo yozizira ndimathiriranso patalipatali, chifukwa dothi limachedwa kuuma. Ndipo nthawi iliyonse ndikathirira ndimatembenuza mphika pang'ono, apo ayi chomera chimapendekera kowala.

Amene mukufuna maluwa a pabwalo, ongothira ndi payipi n'kuiwala, nazale imeneyi si yanu. A m'mbali mwa msewu akukwanirani ndipo ndi otchipa. Koma ngati muli ndi zenera la kum'mawa ndi mtima wodekha, pitani, makamaka m'mawa pakati pa sabata pomwe bambowo amakhalapo okha ndipo sathamanga. Lamulungu satsegula. Tengani katoni yoikamo miphika, chifukwa mapesi a masamba amathyoka msanga ndipo jumbo mu minibasi siiteteza kanthu.

Pano ndili ndi miphika isanu ndi iwiri pazenera la chipinda chosokera. Mwana wa tsamba loyera lija watulutsa mphukira zitatu sabata ino, zikadali zotseka. Akachita maluwa ndimutengera ku Zomba kwa msuweni wanga, mwana wa azakhali aja, amene akukhalabe m'nyumba yomwe ija.