Dzina limodzi, vinyo awiri: Montepulciano d'Abruzzo ndi Vino Nobile di Montepulciano

Alamu anga atandituma vinyo wa Montepulciano woti titsitsire nyama yootcha, ndinapeza mabotolo awiri atayandikana pashelefu, onse olembedwa dzina lomwelo. Ndinatola lodulirapo, la Vino Nobile, poganiza kuti ndi vinyo yemweyo koma wabwinoko. Nditafika kunyumba anangoyang'ana chizindikiro cha pabotolo n'kuseka. Vinyo awiriwa si pachibale n'komwe.

Pa Montepulciano d'Abruzzo, mawu akuti Montepulciano ndi dzina la mphesa. Zimalimidwa m'chigawo cha Abruzzo ku Italy, pakati pa mapiri a Gran Sasso ndi nyanja ya Adriatic, ndipo lamulo limafuna kuti mphesazi zisachepere magawo 85 pa 100 alionse. Pa Vino Nobile, Montepulciano ndi dzina la tauni yapaphiri ku Toscana, chigawo china cha Italy, m'dera la Siena. Mphesa zake ndi Sangiovese, zimene eniake kumeneko amati Prugnolo Gentile, zosachepera magawo 70 pa 100. Chisokonezochi n'chimene chinachititsa kuti masiku ano azilembapo mawu akuti Toscana pabotolo la Nobile.

Mukathira m'tambula kusiyana kumaonekeratu. Wa ku Abruzzo ndi wakuda bii, moti zala zimene zagwira tambula simuziona kuseri kwake. Amanunkhira zipatso zakupsa kwambiri, ngati nthudza zofewa, ndipo amatsika bwino osavuta pakhosi. Nobile ndi wofiira mowala, amawawasa ngati matcheri, ndipo amaumitsa m'kamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa bwino. Wongoyamba kumwa vinyo amakwinya nkhope pamenepa. Si kuti waonongeka ayi. Vinyoyu amasungidwa zaka zosachepera ziwiri asanagulitsidwe, mbali ina ya nthawiyi ali m'migolo yamatabwa, ndipo wolembedwa Riserva amadikira zaka zitatu. Ndi mmodzi mwa vinyo oyamba kulandira chizindikiro cha DOCG, chomwe ndi chapamwamba kwambiri pa vinyo wa ku Italy, mu 1980, pomwe wa ku Abruzzo anapatsidwa chotsikirapo cha DOC mu 1968.

Nkhani yeniyeni ili pa chakudya. Ku Abruzzo ndi kwa abusa a nkhosa, ndipo chakudya chawo chotchuka ndi arrosticini: nyama ya nkhosa yoduladula timphindi ting'onoting'ono, yotungidwa pa timitengo, yowazidwa mchere basi n'kuotchedwa pamakala. Amene anadyako kanyenya wa mbuzi amvetsa msanga. Utsi, mafuta ndi mchere zimagwirizana ndi vinyo wakudayu, ndipo ngakhale nyamayo itakhala ndi tsabola pang'ono sagonja. Pizza, soseji, pasta wa tomato, zonsezi amalowa nazo.

Nobile ngosankha. Kwawo amamwera pici, pasta wonenepa wopota ndi manja, wothira msuzi wa nguluwe wowira maola ambiri, kapena nyama ya ng'ombe zoyera za mtundu wa Chianina zochokera m'chigwa cha Val di Chiana, yootcha pang'ono mkati mukadali mofiira. Tchizi cha mkaka wa nkhosa cha ku Pienza, tauni yoyandikana nayo, chimamuyeneranso. Mafuta a zakudya zotere amachotsa kuuma kuja, kuwawasa kwake n'kutsuka m'kamwa. Koma tsabola ndi mdani wake. Tsiku lija nyama yathu inali ya piripiri, ndipo vinyo wodulayo anangomveka kuwawa. Ndalama zanga zinapita chabe.

Ine pa nyama yapamakala ndi anthu ambiri ndimagula wa ku Abruzzo, poti mtengo wake ndi wofikirika ndipo sachita kudikira zaka. Mukafuna wolemererapo, funani wa ku Abruzzo komweko wolembedwa Colline Teramane. Nobile ndimamusungira tsiku limene mphika wa nyama ya ng'ombe wakhala pamoto kuyambira m'mawa, ndipo ndimatsegula botolo kukadali ola lathunthu tisanayambe kudya.