Ndinadzilipirira type rating ya Boeing 737: maphunziro anali abwino, ntchito sinabwere

Kumayambiriro kwa 2022 ndinagulitsa puloti yanga ku Lilongwe, n'kuwonjezerapo ngongole ya kubanki, kuti ndikaphunzire kuyendetsa Boeing 737 pasukulu ina ku Johannesburg. Kuphatikiza malo ogona ndi mayeso, zinandidyera pafupifupi madola 20,000. Achinyamata angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp ngati nawonso achite zomwezo, ndiye ndati ndiyankhe onse kamodzi.

Sindinali mlendo pantchitoyi. Ndinali ndi maola opitirira 3,500 m'buku langa: zaka zinayi pa Cessna Caravan ku Maun, m'dziko la Botswana, kutula alendo pa timabwalo tafumbi ta ku Okavango, kenako King Air kuchokera pa bwalo la ndege la Lanseria, pafupi ndi Johannesburg. Laisensi ya ATPL, yapamwamba kwambiri kwa oyendetsa ndege, ndinali nayo. Koma zonsezi ndi ndege za mapulopela, ndipo kulikonse komwe ndinkafunsira ntchito ya jeti kunkangoti zii. Ndinaganiza kuti chondisowa ndi type rating, chilolezo chimene amachilemba pa laisensi kuti munthu waphunzira ndege ya mtundu wakutiwakuti.

Za maphunzirowo ndilibe nazo mangawa. Tinayamba ndi milungu iwiri m'kalasi ndi pakompyuta, kuphunzira mmene magetsi, mafuta, mahayidiroliki ndi mpweya zimayendera m'ndege. Kenako simyuleta, ija imakhala pamiyendo n'kumagwedezeka ngati ndege yeniyeni. Ulendo uliwonse unali wa maola anayi, theka uyendetse iwe, theka uthandize mnzako. Nthawi zambiri ankatipatsa mpata wa pakati pa usiku, chifukwa masana makampani a ndege amakhala atatenga kale malo, ndipo izi sanatiuze polipira. Mphunzitsi wathu anali kaputeni wopuma ntchito, munthu wodekha kwambiri. Ankazimitsa injini imodzi ndege ikungofika pa liwiro lonyamukira, mobwerezabwereza, mpaka mwendo unkadziwa wokha kuponda pedulo ya rudder, chiwongolero cha kumchira kwa ndege, mutu usanaganize. Iye ndiye anandichotsa chizolowezi cha pa King Air chodalira mapulopela kuti andichepetsere liwiro. Jeti siimva zimenezo. Ukachedwa kuyamba kutsika, uwona bwalo likudutsa pansi pako uli m'mwamba. Lamulo lake loti mamailosi atatu pa mapazi 1,000 alionse ofunika kutsika ndimaligwiritsabe ntchito lero. Kukanakhala kuti ndinkagula luso lokha, ndikanawapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu.

Koma ine ndinkagula ntchito, ndipo a mu ofesi ankadziwa zimenezo. Ankandiuza kuti makampani amafunsa mayina kwa iwo. Nditamaliza, thandizo lonse linali kundipatsa maimelo a makampani omwe ndinali nawo kale. Ndikanawafunsa funso limodzi ndisanatulutse ndalama: mwa amene anamaliza chaka chatha, ndi angati akuuluka 737 lero? Musalipire kwa aliyense amene akuzemba funso limeneli.

Chimene sindinachimvetse nthawi imeneyo n'chakuti makampani sawerengera pepala, amawerengera maola pa ndegeyo. Taonani zotsatsa ntchito: ambiri amalemba kuti maola 500 pa mtunduwo, ndiponso kuti munthu akhale atayiyendetsa posachedwapa. Ine ndinali ndi maola a m'simyuleta basi. Maola enieni amapezeka pa line training, pamene ukuyenda ndi anthu kumbuyo, kaputeni wophunzitsa ali kumanzere kwako, ndipo zimenezi angakupatse ndi kampani ya ndege yokha. Ndiye munthu umakhala pakati: kwa ofuna odziwa kale ndiwe wosakwanira, kwa amene amaphunzitsa okha anthu awo pepala lako lilibe kanthu, chifukwa adzakulowetsabe m'simyuleta kuti uphunzire kachitidwe kawo.

Nyengo nayo inandigwa. Patangopita milungu yochepa ndimalize, mu June 2022, Comair, yomwe inkayendetsa kulula ndi ndege za British Airways za mkati mwa South Africa ndi mayiko oyandikana nayo, inasiya kuuluka n'kutsekedwa. Ndege zake zinali ma 737. Mango, kampani inanso ya ndege ya ku South Africa, inali itaima kale mu 2021. Mwadzidzidzi anthu okhala ndi maola masauzande pa ndege yomweyo anali pamzere umodzi ndi ine. Ndikanakhala wolemba ntchito, nanenso ndikanatenga iwo. Kwathu nako mipando ndi yochepa: Malawi Airlines ili ndi ndege zowerengeka, 737 ndi Dash 8 Q400, ndipo mpata sutseguka mwezi uliwonse.

Chinanso chimene ogulitsa satchula msanga: chilolezochi chimafa. Pakatha chaka uyenera kubwerera m'simyuleta kukayesedwanso, ndipo ngati sunalembedwe ntchito, ndalamayo ituluka m'thumba mwako. Ndinalipira kamodzi. Kachiwiri mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Bambo, kodi tikulipirira ndege yomwe simunaikwerepo, ana fizi isanakwane?" Ndinasowa chowayankha, chifukwa ankanena zoona.

Kodi palibe amene zimamuthandiza? Alipo. Mnzanga amene ndinkakhala naye m'simyuleta anabwera ali ndi kalata m'manja yoti akamaliza ayambe ntchito, ndipo anayambadi. Ngati kampani yakulemberani kalata yotero, yokhala ndi tsiku, lipirani. Ngati munayendetsapo jeti ina maola ambiri ndipo mukungosintha mtundu, mwayi wanu ndi wosiyana ndi wanga. Koma ngati muli ngati ine, maola ambiri pa mapulopela ndipo palibe amene wakulonjezani kanthu, sungani ndalamayo. Idzakuthandizani pa tikiti yopitira ku intavyu, kapena kugula maola awiri atatu m'simyuleta kukonzekera mayeso olowera, zomwe ndi zotsika mtengo kutalitali.

Jeti ndinaipeza chakumapeto kwa 2023, koma si 737. Kampani ina yoyendetsa ma Embraer inanditenga, inandiphunzitsa yokha, ine n'kusaina kuti ndikhala nawo zaka zitatu, ndikachoka msanga ndibweze gawo la ndalamazo. Pa intavyu anakhalitsa pa maola anga a ukaputeni pa King Air, ndi mmene ndinkasankhira zochita mvula ikatseka bwalo. Za 737 anafunsa funso limodzi lokha: "Munaiulutsapo?" Ndinati ayi, iwo n'kutsegula tsamba lina. Ngongole ya kubanki ija ndimaliza kubweza chaka chamawa.