Kalavani yopangitsa, yakale, kapena galimoto yophikiramo: yabwino ndi iti kuno ku Joni?

Abale ambiri amene atopa ndi maganyu amandifunsa kuti agule chiyani kuti ayambe kugulitsa chakudya pamsewu. Njira zilipo zitatu, ndipo ine ndili kumbali ya kalavani yopangitsa, koma ikhale yopepuka.

Galimoto yosandutsidwa khitchini ndiyo imakopa maso. Umangoliza n'kumapita, osavutika ndi kukoka. Koma injini ikafa, chitofu nachonso chagona ku galaja. Mlungu wonse amakanika akusaka sipeya, makasitomala ako akudya kwa wina. Kalavani ilibe injini. Bakkie yako, galimoto yokokera kalavaniyo, ikawonongeka, umachita hayala ya mnzako, ikakusiya pamalo ako, moto n'kuyaka.

Kalavani yakale ndi yotsika mtengo, ndipo sudikira kuti ipangidwe. Vuto lake n'lakuti inamangidwa poganizira chakudya cha mwini wake woyamba. Ine ndinayamba ndi yotere. Mwini wake ankagulitsa khofi ndi masikono, pamene ine ndimafuna kukazinga tchipisi ndi kuphika nsima. Inalibe chotulutsira utsi, ndipo ikamakwana 12 koloko maso amakhala akulira, denga likudontha mafuta. Pansi pake, kuseri kwa kapeti wapulasitiki, thabwa linali litawola. Musagule musanagwade n'kuyang'ana kunsi ngati kulibe dzimbiri. Dziwaninso kuti Certificate of Acceptability, chikalata chimene a zaumoyo a khonsolo amapereka potsatira lamulo la R638 la 2018, sichisamuka kuchoka kwa wogulitsa kupita kwa inu. Mudzafunsira chanu, ndipo adzabwera kudzayendera okha.

Yopangitsa imafuna kuleza mtima ndi ndalama yokulirapo, koma chilichonse chimakhala pamene dzanja lako likuchifuna. Pitani kwa wopanga mutadziwa kale chimene mudzaphike. Wa kota, buledi woikamo tchipisi ndi zina m'kati, amafuna chokazingira chachikulu ndi tebulo lalitali lodulirapo buledi. Wa nsima ndi nyama amafuna chitofu chachifupi, cholimba, chifukwa kuthyakula mphika waukulu pachitofu chofika m'chifuwa kumathyola msana. Zimenezi wowotcherera zitsulo sangazilote, muuzeni ndinu. Matebulo akhale a stainless steel, pakhale beseni losambira m'manja losiyana ndi lotsukira mbale, thanki ya madzi abwino ndi ina ya madzi akuda. Oyendera amayamba kuyang'ana zimenezi.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi pa kulemera. Laisensi ya khodi B imalola kukoka kalavani yosapitirira makilogalamu 750, kuwerengera ndi katundu yemwe. Ikaposa pamenepo pamafunika laisensi ya khodi EB, ndipo kalavaniyo iyenera kukhala ndi mabuleki akeake. Pouza wopanga kuti awonjezere shelefu apa, firiji apo, makilogalamu amakwera mwakachetechete. Kumbukirani kuti malita 100 a madzi ndi makilogalamu 100, musanakweze matumba a mbatata ndi ufa. Muuzeni aipititse pasikelo isanachoke pakhomo pake.

Za gasi sindinyengerera. Magetsi kuno tikuwadziwa, choncho gasi ndiye moyo wa bizinesi. Masilinda, kaya a 9 kg kaya a 19 kg, akhale panja m'bokosi lopita mphepo, ndipo mapaipi aikidwe ndi katswiri wovomerezeka amene adzakupatseni setifiketi yake. Chozimitsira moto chikhale pafupi ndi chitseko, osati kuseri kwa chokazingira.

Musanapereke dipoziti, funsani ngati kalavaniyo idzabwere ndi nambala ya VIN, imene imaisiyanitsa ndi makalavani ena onse, ndi mapepala olembetsera ku ofesi ya malaisensi. Alipo anzathu amene ali ndi makalavani okongola atangoima pabwalo, chifukwa wowotcherera analibe mapepala amenewa. Lipirani pang'onopang'ono, gawo lililonse mukaliona ndi maso, ndipo ndalama yomaliza ituluke tsiku limene mapepala afika m'manja mwanu.