Kope la litilecha: kulemba ngati Juana kapena kulemba maganizo anu?

A Fomu 3 ndi 4 amene mukulimbana ndi The Pearl, buku la John Steinbeck lija, ndikunena za kope lanulanu lolembamo mukatha kuwerenga, osati la manotsi a aphunzitsi ayi, lomwe palibe akulichonga. Kalembedwe kake kalipo kawiri ndipo phindu lake ndi losiyana.

Koyamba n'kodziyesa kuti ndinu mpangankhani. Mwamaliza chaputala 5, Juana wadzuka usiku kukaponya m'nyanja ngale yomwe mwamuna wake Kino anapeza ija, Kinoyo wamupeza n'kumumenya. Ndiye mumatenga bolopeni n'kulemba ngati ndinu Juana, thupi likuphwanya, mwana ali apo, mwamuna wanu sakumvanso za munthu. Izi zimakoma heve ndipo nkhani imakhazikika m'mutu, komanso zimakuululani ngati simunawerenge, poti simungadandaule ngati Juana musakudziwa kuti ndi yemweyo anayamwa ululu mwana wawo Coyotito atalumidwa ndi chinkhanira, dokotala n'kuwakaniza pageti chifukwa analibe ndalama. Koma apa pali ngozi yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri, mukamalemba mumawonjezera zanu, mawu oti Juana sanayankhule, misozi yoti m'buku mulibe, ndiye pakatha miyezi zonsezi zimasakanikirana mpaka kukazilemba pamayeso ngati umboni. Ochonga a MANEB akufuna zomwe Steinbeck analemba basi.

Kachiwiri n'kolemba maganizo anu inuyo. Mumadzifunsa, kodi ogula ngale aja atatchula mapeso 1,000 pomwe Kino amayembekezera 50,000, analakwa kukana? Mukanakhala inu bwanji? Wina akumbukira bambo ake akubwera ndi fodya wokanidwa ku okushoni kapena mavenda atagwirizana mtengo wa soya, ndipo pompo wamvetsa kuti ogula ngale aja anali a bwana mmodzi, kupikisana kwawoko kunali kwachiphamaso. Poyamba zimauma, ena amangofotokozanso nkhani yonse kuti kenako zinatere kenako zinatere, imeneyo si ntchito. Lembani zomwe mukuganiza, chifukwa chake, ndi tsamba pomwe mwazipeza. Mukatero ndiye kuti mwayamba kale kuyankha mafunso a MSCE aja ofuna mfundo ndi umboni pa dyera, umphawi kaya kuponderezana, osadikira kuloweza za m'mapamfuleti.

Ineyo ndikanati Fomu 3 sewerani nako koyambako, makamaka pa Macbeth, sewero la Shakespeare lija, pomwe chizungu chake chimagwetsa ulesi, kalata imodzi yolemba ngati Lady Macbeth imatsegula mutu. Koma mukalowa Fomu 4 nthawi yambiri ipite kwa kachiwirika. Ngati mukufuna zonse, gulani hadikava imodzi, maganizo anu muyambire kutsogolo, zopeka muyambire kumbuyo ndi bolopeni yofiira kuti powerenga mayeso atayandikira musazisokoneze. Chichewa ndi chizungu sakanizani mmene mungathere, bola maina ndi mawu otenga m'buku muwalembe mmene alili.